Makabureta Atatu a Malemu Des

Apolisi anamutenga Craig Hanrahan Lachiwiri m'mawa, akumeta nkhosa za eni, ndipo pofika masana tauni yonse inali itamuweruza kale. Noelene Brakey anazimvera ku butchala. Amayi awiri amene anali kutsogolo kwake ankasankha masoseji uku akugwedeza mitu, ati mwana uja dzanja lake n'lalitali kuyambira kale, lero wafika pobera bambo ake omwe ali m'manda. Noelene anatuluka osagula kanthu.

Iye anagwira upolisi m'tauni muno mpaka imvi zinamera, ndipo anapuma ali sajeni. Ndi iyeyo amene anamunyamula Craig pa ubatizo, ndipo ndi manja omwewo anadzamumanga unyolo atakula, ataba dizilo ndi njinga zamoto m'mafamu a anthu. Chaka chatha Craig anatulutsidwa kundende nthawi yake isanakwane, koma ali pa chingwe: akangopezeka ndi mlandu wina, ngakhale wa nkhuku, abwerera kukamaliza zaka zotsalazo. Kamtsikana kake, Tahlia, kanali katangoyamba kumene kumutchanso adadi.

Mlanduwo unali wotere. Des, bambo a Craig, anamwalira kuzizira kusanayambe, n'kusiya galimoto ya Torana yachikasu ya 1972, ya mtundu uja wa mipikisano, yokhala ndi makabureta atatu, zida zosakaniza petulo ndi mpweya, ondondozana m'mbali mwa injini. Galimoto zoterezi zatsala zochepa, ndipo zokhala ndi makabureta ake enieni a ku fakitale mungaziwerenge ndi zala. Mkazi wake Glenys analumbira pamaliro kuti galimotoyo sidzatuluka m'shedi iye ali moyo. Koma maondo anayamba kukana masitepe, denga nalo likudontha, ndiye anasintha maganizo mwakachetechete n'kuitana wogula wa ku Adelaide. Munthuyo anatsegula boneti, anasuzumira, n'kutsekanso. Anati makabureta awa si a galimoto ino. Anaitana woweruza wa kalabu ya magalimoto akale kuti adzatsimikize, ndipo anatsimikizadi. Woweruzayo anali Merv, mwamuna wa Noelene.

Noelene atafika kunyumba anamupeza Merv kukhitchini akupaka batala pa buledi, mpeni ukufika m'ngodya zonse zinayi monga mwa masiku onse. Merv pa nkhani ya zitsulo sankafunsidwa kawiri. Anafotokoza kuti makabureta enieni amakhala ndi kachitsulo ka mkuwa kolendewera pa sikuluwu, ndipo manambala ake amakhala okhotakhota chifukwa ankawadinda ndi nyundo anthu otopa ndi ntchito, pamene a pa galimoto ya Des ndi owongoka bwinobwino. Chitsulo chakale chimada mosalingana, kwambiri mbali imene imatentha. Awa munthu anachita kuwaviika mu tiyi ndi oilo wakuda, n'chifukwa chake ada mofanana paliponse. Ndi a magalimoto a ku Mangalande, ambwembwe pa msika uliwonse wa zitsulo zakale, ndipo atatu onsewo sangagule ngakhale chivindikiro chimodzi cha enieni aja.

"Nanga Craig akubweramo bwanji?" Noelene anafunsa.

"Makiyi a shedi ali ndi anthu awiri, Glenys ndi iyeyo," Merv anatero, akudula buledi pakati penipeni. "Ine ndangonena za zitsulo, mayi. Za anthu ndi zanu."

*

Sajeni Whitelaw, amene analowa pampando wa Noelene, anamulola kuti amuone Craig chifukwa cha ulemu chabe, ndipo sanaiwale kumukumbutsa kuti yunifolomu anabweza kalekale. Kwa Whitelaw nkhani inali itatha: Craig kiyi ali naye, mbiri ali nayo, ndipo zitsulo zotere zimagulitsidwa pa foni munthu asanamalize kapu ya khofi. Anati mawa amupititsa kukhoti.

Craig anali pabenchi, akununkhabe mafuta a ubweya wa nkhosa. Sanadzutse mutu.

"Mwabwera kudzandimanganso, anti?"

Noelene anamuuza kuti asiye zachibwana, anene tsiku limene analowa m'shedi komaliza. Craig anayankha mokoka mawu kuti amalowamo Lamulungu lililonse akakhala pakhomo, kukaliza injini kuti isagwire dzimbiri, monga ankachitira mdala. Boneti satsegula. Fungo la mmenemo limamukumbutsa zambiri, ndiye amangokhala pampando, kuliza, kuzimitsa, n'kutseka loko.

"Palibe chachilendo chimene unaona?"

Anaseka kuseka kopanda mano. Anati chachilendo chilipo, koma akanena amuyesa wamisala. Galimoto ya bambo ake siinalirepo kamodzi n'kamodzi chiyambire. Unkayenera kupopa mafuta ndi phazi, kuitukwana, kuipempha, kenako n'kuitukwananso. Koma masiku ano ukangokhudza kiyi, yalira.

"Ndinkayesa ndi mdala akundiuza kuti wandikhululukira," anatero, maso ali pansi. "Onani uchitsiru wanga."

 Noelene anafunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Craig anaganiza kaye. Anati maliro atatha iye anapita kukameta nkhosa ku Hay, mayi ake n'kupita kwa achemwali awo ku Geelong kukapuma. Atabwerako onse awiri, galimoto inali itasintha khalidwe.

Ndiye kuti munthu analowa m'shedi muja pakhomo palibe aliyense, ndipo loko sanathyole.

*

Glenys anamulandira ndi masikono ndi misozi, zonse nthawi imodzi. Mayi ameneyu akayamba kulankhula sapumira. Anati iye sananene kuti Craig waba, ayi ndithu, Mulungu akuona, anangoyankha funso la makiyi, nanga akanama kwa apolisi? Anati Des akanakhala moyo akanawathamangitsa onse ndi fosholo. Anati wa ku Adelaide uja anamuyang'ana ngati iyeyo ndiye wakuba, pakhomo pake pomwe, tiyi wake atamwa. Noelene anamusiya kuti akhuthule, kenako anapempha kuti amutsegulire shedi.

Anakoka lona, natsegula boneti. Za injini Noelene sankadziwa zambiri, ngakhale anakwatiwa ndi munthu wolota zitsulo. Koma chipinda chimene mwalowa mlendo ankachidziwa, ntchito yake inali imeneyo.

M'injinimo munali Des yekhayekha. Paipi yomangidwa ndi chingwe cha mabelo a udzu. Waya wa mpanda pamene panayenera kukhala bawuti. Phala labuluu lomatira litatuluka m'mphepete mwa chilichonse ngati jamu wa mwana. Manati osiyana misinkhu, ena a thalakitala. Des anali mlimi, ndipo kwa iye chinthu chikamayenda ndiye kuti chili bwino. Koma pakati pa chisokonezo chonsechi makabureta atatu aja anali atakhala mwaulemu, opanda waya, opanda phala, ngati alendo a ku tauni pa phwando la ometa nkhosa.

Noelene anaimbira foni Stavros Kallinikos, makaniko wa pafupi ndi sitediyamu ya mpira. Stavros anafika ndi ovolosi yake yakuda, akutafuna payi, akudandaula kuti anthu opuma pantchito ndi amene amasowetsa anzawo mtendere.

"Bwana sajeni, mwandichotsa pansi pa lole. Mundilipira ndi masikono a Glenys, apo ayi ndikubwerera."

Stavros ndiye anakonza galimotoyi m'mawa wa tsiku la maliro, kuti itsogolere mdipiti wa kalabu popita kumanda. Analumbira pa mayi ake kuti tsikulo makabureta enieni anali mommo. Ankawadziwa ngati ana ake. La pakati linali ndi chipsera pa chivindikiro, mzere wakuya umene waya wa Des unadya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Anati chipsera chimenecho ungapukute mpaka zala kutuluka magazi, sichingachoke.

Anawerama pa injini, payi ili m'dzanja. Anayang'ana nthawi yaitali, ndipo kutafuna kunaleka.

"Akuti Craig ndiye wamanga izi? Craig amamanga ngati bambo ake, ndi waya ndi malovu. Tabwerani kuno. Onani mitu ya masikuluwu."

Noelene anaona. Sikuluwu iliyonse ili ndi kamng'alu pamutu, polowetsa sikuludalaiva. Pa zivindikiro zonse zitatu timing'alu tonse tinali titaloza mbali imodzi, kutsogolo kwa galimoto, popanda n'kamodzi komwe kopatuka.

Stavros anafotokoza kuti sikuluwu ukaimanga imaima pamene yafuna. Kuti zonse ziloze kumodzi umachita kuimasula, kupala kawashala kake pang'ono, kumanganso, kumasulanso, mpaka igonje. Pa kayendedwe ka galimoto sizithandiza chilichonse. Ndi matenda a anthu a zionetsero, aja amapukuta pansi pa galimoto ndi mswachi. Ndipo mwini ntchitoyi, anatero Stavros, anakumbukira kudetsa chitsulo ndi tiyi, anakumbukira kudinda manambala, koma izi sanadziwe n'komwe kuti akuchita. Manja anangochita okha.

"M'kalabu muno ochita zimenezi ndi angati?"

"Analipo atatu. Clarrie tinamuika m'manda chaka chatha. Lionel Pook ndi wachiwiri."

"Wachitatu?"

Stavros anaika payi yotsala pa lona, n'kuyamba kupukuta manja ndi kansalu, chala chimodzichimodzi, ngakhale sanagwire oilo.

"Zimenezo musandifunse, bwana sajeni. Ine ndimadya kwanu pa Khirisimasi."

*

Noelene anamuimbira Lionel Pook ali chiimire panja pa shedi, dzuwa likumuwotcha pakhosi. Pa moyo wake wonse wa upolisi Noelene sanalakelakepo kuti munthu amunamize, koma tsiku limeneli anapemphera kuti Lionel azengereze, asokoneze masiku, atsokomole pamalo olakwika. Ayi ndithu. Mkuluyo anayankha mosangalala, mafunde akumveka kumbuyo. Anali ku Queensland ndi kalavani yake, kanyumba kokoka ndi galimoto, kuthawa chisanu monga chaka chilichonse. Ananyamuka Des asanamwalire, maliro anangotumiza nkhata, ndipo kubwera ndi mwezi wamawa. Anamupatsira moni Merv.

Noelene anabwerera kukhitchini kwa Glenys. Funso limene linatsala yankho lake ankalidziwa, komabe analifunsa, chifukwa umboni umafunika utuluke pakamwa pa mwini wake.

"Amwali, pamene munali ku Geelong, nkhuku ankadyetsa ndani?"

"Nanga si iweyo? Wayamba kuiwala ngati ine?"

"Makiyi munandisiyira ati?"

"Mpukutu wonse. Wa nyumba, wa khola, wa shedi, onse ali pa waya umodzi, ukudziwa mmene Des ankachitira."

"Bwanji simunamuuze Whitelaw?"

Glenys anadabwa zenizeni, mpaka anaika tiipoti pansi. Anati iye anafunsidwa za anthu amene angabe, tsono Noelene angamuwerengere pa anthu oterowo? Noelene ndi m'bale, kuposa wa ku Geelong uja.

Mpukutu umenewo unkalendewera pa msomali kuseri kwa chitseko cha khitchini ya Noelene. Ndipo sabata ija msana unamugwira, ndani anadzipereka kukadyetsa nkhuku? Merv ankapita kadzutsa atangotha n'kubwerako nthawi ya nkhomaliro, ati nkhuku zinatuluka m'khola, wavutika kuzikusa. Noelene anamuyamikira, mpaka anauza amayi a ku tchalitchi kuti ukalamba wamufewetsa mtima mwamuna wake. Atakumbukira zimenezi anachita manyazi mpaka makutu kutentha. Sajeni wathunthu, wakuba akudya naye mbale imodzi, kiyi atamupatsa yekha!

*

Atafika kwawo anaima pakhomo osalowa. Mahinjesi a chitseko anali pamaso pake, ndipo timing'alu ta masikuluwu tonse tinali titaimirira chilili. Analowa. Pa swichi ya magetsi chimodzimodzi. Pa zogwirira za makabati, pa shelefu ya makapu, ngakhale pa kachikwangwani ka dzina la galu wawo amene anafa kalekale. Zaka zonsezi wakhala akupukuta fumbi pa umboni umenewu osauona.

Merv anali kumunda kuseri, akumangirira matimati. Noelene anadutsa mwakachetechete n'kulowa m'galaja.

Torana ya Merv, yoyera, inali pa kapeti. Inde, pa kapeti, pamene chipinda chawo chogona chinali ndi matabwa okhaokha. Galimoto imeneyi inadya maholide awo onse, inadya khitchini yatsopano imene analonjezedwa ana ali aang'ono. Pa chionetsero cha ku Bendigo inkathera pa nambala yachiwiri chaka ndi chaka, chifukwa cha chinthu chimodzi: makabureta ake sanali enieni. Ndiye mkati mwa chisanu chino Merv anabwera kunyumba nkhope ikuwala, ati wawapeza kwa mdala wina wa ku Tasmania, abwera pa positi. Noelene anaphika keke tsiku limenelo.

Anatsegula boneti. Atatu onse anali kunyezimira, timikuwa tawo tikulendewera ndi manambala okhotakhota. Chipsera sichinkaoneka. Kwa kanthawi mtima wake unadumpha ndi chiyembekezo, chopusa ngati cha Craig chija. Kenako analowetsa dzanja kuseri kwa chivindikiro cha pakati, mbali yoyang'ana injini, kumene diso silifika. Chala chinagwera mu mzere wakuya, wosalala ndi polishi. Chivindikirocho Merv anachita kuchitembenuza.

"Mukanda penti ndi wotchi yanuyo, mayi."

Merv anali pakhomo la galaja, chingwe cha matimati chili m'manja. Noelene sanachotse dzanja.

"Mdala wa ku Tasmania uja ankamanganso ndi waya wa mpanda?"

Merv sanakane, ndipo mwina kukana kukanapweteka pang'ono. Anaika chingwe pa benchi, n'kuchipinda bwinobwino. Anayamba kulankhula ndi mawu aja amalankhulira pa zionetsero, odekha, ophunzitsa. Anati anamupempha Des zitsulo zimenezi kuyambira Craig asanabadwe. Anamulonjeza chilichonse, ngakhale kumukonzera injini yonse ulere. Des ankangoseka, n'kupita nayo galimoto kukakoka ngolo ya nkhosa m'fumbi. Zinthu zimene sizidzapangidwanso padziko lapansi, munthu akuzimanga ndi waya wa mpanda! Anati Glenys analumbira pamaso pa anthu onse kuti sadzagulitsa, tsono akanavulala ndani? Galimoto ikanagona pansi pa lona mpaka kalekale, ndipo anaikamo abwino, ikulira kuposa mmene inalirira Des ali moyo.

"Sindinabe, mayi. Ndinawapulumutsa."

"Nanga Craig?"

"Dzina lake ine sindinatchule."

"Unali pomwepo pamene Glenys ankalitchula. Unali pomwepo, Merv, ndipo unabwera kuno kudzapaka batala pa buledi."

Apa mpamene Merv anayang'ana kumbali. Anatola kansalu n'kupukuta pamene chigongono cha Noelene chinakhudza galimoto. Anati zinthu zinathamanga, wa ku Adelaide uja anabwera mosayembekezeka, ndipo atafunsidwa ngati woweruza sakananama pa zitsulo, dzina lake lonse lili pamenepo. Anati mwina khoti limumvera chisoni mnyamatayo.

"Komanso malo aja iye anawazolowera," anawonjezera motsitsa mawu. "Ine ndi msinkhu uno sindingagonemo."

Noelene anamuyang'ana munthu amene anagona naye bedi limodzi kuyambira ali mtsikana. Anafunafuna mkwiyo kuti umuthandize, koma chimene anapeza chinali kunyansidwa, kozizira, kofika m'mafupa. Anakumbukira Craig pabenchi paja, akuyesa kuti bambo ake amukhululukira kuchokera kumanda, pamene anali manja a Merv.

Anatulutsa foni n'kuimbira Whitelaw. Analankhula mwachidule monga ankachitira pa wailesi ya polisi: katundu wapezeka, mwini mlandu ali pano, Craig Hanrahan amutsegulire asanagone kumeneko. Whitelaw anafunsa adiresi. Noelene anati akuidziwa, anadyapo nyama yowotcha pa Chaka Chatsopano.

Anadikira m'galajamo. Merv anakhala pa kampando kake ka matayala, manja ali pa maondo, akuyang'ana injini. Nkhope yake inali itagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo anaoneka nkhalamba. Galimoto ya polisi itamveka pa miyala ya kumsewu, anaimirira n'kumugwira Noelene pamkono. Maso ake anali ndi misozi. Noelene anaima. Mumtima anati akangofunsa za mwana uja, akangoti ukamuuze Craig kuti ndalakwa, mwina patsala kena koti munthu n'kutola.

"Muwauze asachotse okha," Merv ananong'ona. "Whitelaw agwira ndi pulayala, akanda zivindikiro. Aitane Stavros."

Noelene anachotsa dzanjalo pamkono pake, napita kukatsegula geti.